Musamagawe malipiro tsiku lomwe mwalandira

Mmalawi wogwira ntchito m'nyumba kapena m'galadeni ku Randburg, ngati abwana ake ankatsata lamulo, mu 2025 sankayenera kulandira ndalama yochepera R28.79 pa ola, malinga ndi mlingo womwe boma la South Africa lidakhazikitsa pa 1 Marichi 2025. Pa maola 45 pasabata, mwezi unkabweretsa pafupifupi R5,600, ndipo tonse tikudziwa kuti ambiri sankafika ngakhale pamenepo. Chotsanipo lendi ya chipinda ku Diepsloot kapena ku Cosmo City, takisi, mayunitsi a magetsi, ufa ndi ndiwo. Zotsalazo ndizo zikudikiridwa kuti zimange nyumba ku Mangochi, zilipire fizi ku Nkhata Bay, zigulenso feteleza mvula isanagwe. Zaka zimadutsa, maziko a nyumba amera udzu, ndipo kumudzi mlandu amakhala ataugamula kale: mwana uja adatchona, mutu alibe, ndalama akungomwaza ku Joni.

Chigamulo chimenechi n'chosavuta kupereka, koma n'cholakwika. Omwaza alipo, sitikana. Komabe ambiri mwa omwe ndalama zimawapulumuka ndi anthu odzuka 4 koloko m'bandakucha kukaima pamzere wa takisi, ogwira ntchito mpaka Loweruka, odziwa mtengo wa thumba la simenti ku Limbe kuposa mmisiri yemwe akuwamangira. Nzeru ali nazo, khama ali nalo. Chimawagwetsa ndi nthawi yomwe amasankhira zochita ndi ndalamazo. Amagawa malipiro tsiku lomwe alandira, pomwe mwa masiku onse a mwezi, limenelo ndilo loipitsitsa pogamula nkhani ya ndalama.

Akatswiri a kaganizidwe ka munthu ali ndi funso lomwe amakonda kufunsa. Mungasankhe chiyani, R500 lero kapena R550 sabata yamawa? Ambiri amati bweretsani ya leroyo. Akafunsidwanso kuti nanga R500 pa 1 Juni chaka chamawa kapena R550 pa 8 Juni, ambiri mwa anthu omwe aja amati adikira. Sabata ndi imodzi yomweyo, R50 ndi yomweyo. Chasiyana n'chakuti poyamba paja ndalama inali pafupi ndi dzanja. Makolo adaziona kalekale pomwe ankati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Komwe mawa sadziwika, mwambiwu ndi nzeru. Kwa munthu wofuna malata 40, ndi msampha. Pakati pa mwezi aliyense amalumbira kuti malipiro akubwerawa asungapo R1,000, ndipo sakhala akunama. Koma pa 25 kapena pa 30 uthenga wa kubanki ukangolira, yemwe wagwira foniyo za lumbiro lija sazimvanso.

Taonani mmene tsikulo limayendera. Ndalama ilowa masana. Pofika 5 koloko pa WhatsApp pali mavoisi anayi. Mlongo wanu akuti mwana wabwezedwa kusukulu. Amalume akuti mbuzi zadya chimanga cha eni ake, mlandu uli kwa amfumu. Mnzanu wa ku Mayfair akukumbutsa R300 yake. Wina wangolemba kuti "achimwene, mutikumbukeko". Inu mwatopa, njala ikupweteka, ndipo mwatha sabata yonse mukudyera kabichi. Njira ya kurenki ikudutsa mu Small Street, momwe pa nsapato alemba R899 n'kuikhwatcha ndi inki yofiira, pansi pake R499. Maso amaona R400 yomwe akuti mwapulumutsa, osati R499 yomwe yatuluka m'thumba, chifukwa nambala yoyamba kuiona ndiyo mutu umayezerapo zinazo. Palibe chimodzi mwa izi chomwe tingachitche uchitsiru. Koma zosankha khumi, chilichonse chomveka pachokha, zimamaliza R1,500 sabata isanathe.

Usiwa nawo umadya malo m'mutu. Mu 2013 Anandi Mani, Sendhil Mullainathan, Eldar Shafir ndi Jiaying Zhao adafalitsa zotsatira za mayeso omwe adapereka kwa alimi a nzimbe 464 ku Tamil Nadu m'dziko la India. Mlimi aliyense adayesedwa kawiri, asanakolole ali m'ngongole, komanso atalandira ndalama za nzimbe zake. Anthu omwewo adakhoza bwino ulendo wachiwiriwo. Tisakokomeze: kafukufuku wina wa ku America mu 2016 sadapeze kusiyana kotere pa mayeso a nzeru, ngakhale naye adaona kuti anthu otsala pang'ono kulandira amathamangira ndalama ya lero. Chomwe ndikutolapo n'chakuti sabata yomaliza ya mwezi mutu umakhala pa ngongole ndi ndiwo, tsiku lolandira umakhala pa kubwezera zomwe wakhala ukuzisowa. Tsiku labwino lili pakati, cha pa 5 mpaka pa 10, lendi italipidwa, ufa uli m'nyumba, malipiro otsatira akadali kutali. Pamenepo ndiye pogawira ndalama yomwe sinabwere, n'kumanga magawowo mwakuti pa 25 musathe kuwamasula mosavuta.

Umboni wamphamvu pa nkhaniyi udachokera kwathu komwe, ku Mulanje. Ofufuza Lasse Brune, Eric Chyn ndi Jason Kerwin adagwirizana ndi esiteti ya tiyi ya Lujeri kuti antchito ofuna azisiya gawo la malipiro awo kukampani kwa miyezi itatu, adzalandire pamodzi. Chiwongoladzanja panalibe, ngakhale tambala. Pa masamu a m'kalasi munthu wanzeru akadakana, chifukwa kwacha imatha mphamvu ikamakhala. Koma pafupifupi theka la omwe adauzidwa adalembetsa. Ndalama itatuluka adagula zinthu zikuluzikulu zomwe ya milungu iwiri siikwanitsa, ndipo patatha zaka ziwiri, ndondomekoyi itabwerezedwa kawiri, nyumba zawo zidapezeka zosinthika, makamaka madenga. Zotsatirazi zidatuluka mu 2021. Othyola tiyi aja sadaphunzitsidwe kalikonse, malipiro awo sadakwere, mtima wawo sudasinthidwe ndi ulaliki. Adangopatsidwa mpata wosankha ndalama isanafike m'manja, ndi chitseko chomwe iwo eni sakadatha kutsegula mosavuta pakati pa ulendo.

Agogo athu a pa Theba adadziwa mtundu wina wa zomwezi. Gawo la malipiro a mumgodi linkatsala, munthu n'kukalilandirira kumudzi kontirakiti ikatha, ndipo njinga, mawailesi, makina osokera ndi malata ambiri oyamba m'midzi mwathu zidachokera pamenepo, mpaka njirayo idatsekeka mu 1988. Sindikuyamikira Theba. Kumeneko munthu sankafunsidwa, ndipo dongosololo linkapindulira eni migodi ndi boma lomwe linkafuna marandi. Chitseko chokutsekera wina ndi ukapolo, chodzitsekera wekha ndi ufulu wako. Koma mdzukulu wa lero, wolandirira pafoni yomwe ilinso ndi shopu, bwalo la juga ndi mudzi wonse, akulimbana ndi mayesero omwe agogo ake sadawaone.

Nanga kumangako kumatheka bwanji? Tengani pepala pa 7 mwezi, mulembe malipiro akubwera ngati afika kale. Mwachitsanzo pa R5,600: lendi R1,500, takisi R900, chakudya R1,300, magetsi ndi foni R400. Yatsala R1,500. Ipatseni maina isanabwere: R600 ya kumudzi, R600 ya nyumba, R300 ya zogwa mwadzidzidzi. Richard Thaler, yemwe adalandira mphoto ya Nobel mu 2017, adaonetsa kuti munthu saona ndalama zonse mofanana. Yokhala ndi dzina imavuta kuidya, yongotchedwa "yotsala" imapita. Kenaka lembani mzere umodzi wonena nthawi ndi malo, osati cholinga chabe. "Ndizisunga" sichithandiza. "Uthenga wa kubanki ukangolowa, ndisanatuluke pageti la abwana, nditumiza R600 ku chipereganyu" ndiye chiganizo chogwira ntchito. Peter Gollwitzer ndi anzake akhala akuyesa njira imeneyi kuyambira m'ma 1990, ndipo anthu olemba liti ndi kuti amachita zomwe adafuna kawirikawiri kuposa olemba cholinga chokha. Dongosolo la katulutsidwe nalo n'lofunika: yosunga iyambe kuchoka, lendi itsatire, mavoisi aja muwamvere pambuyo pake.

Wokhala ndi pasipoti ndi pemiti yoyenda angatsegule akaunti yofuna chidziwitso cha masiku 32 asanatape, yomwe mabanki akuluakulu a kuno ali nayo. Masiku 32 ndi okwanira kuti chilakolako cha foni yatsopano chizizire. Wopanda mapepala njira imeneyi ndi yotsekeka, n'chifukwa chake chipereganyu chili ndi mphamvu chonchi pakati pathu. Koma chipereganyu chili ndi bala lodziwika: yemwe walandira koyambirira, mwezi uliwonse wotsatira amaona ngati akutaya ndalama, ndipo mtima wopereka umazirala. Choncho wobwera kumene alandire kumapeto. Gulu lisapitirire anthu khumi, kuti lizungulire chaka chisanathe. Aliyense azitumiza kwa wolandira mwezi umenewo n'kuika umboni pagulu, ndalama isagone kwa msungichuma. Chindapusa cha wochedwa chilembedwe tsiku loyamba, anthu akadali kuseka. Ndipo mzere usadutse Disembala, chifukwa okwera basi pa Park Station si onse amabwerera mu Januwale. Gulu lililonse lolonjeza kukubwezerani yoposa yomwe mwaika si chipereganyu. MMM, gulu lina la mtundu wotere, idagwa mu 2016 itadya anthu ambiri kuno, ndipo timagulu ta pa WhatsApp toti ikani R200 mulandire R1,000 timayenda ndi mawu omwe aja: "mnzanga walandira, ndaona ndi maso anga". Oyamba amalandiradi, ndalama ya omaliza.

Nkhani ya abale ndiyo imavuta, ndipo pano ndimasiyana ndi alangizi a zachuma omwe amangoti phunzirani kukana. Kuthandiza abale si matenda a m'mutu ofuna mankhwala. Ndi abale omwewo adagulitsa mbuzi kuti mupeze thiransipoti, ndi omwewo akulera ana anu, ndipo mukadzadwala kapena kubwezedwa kuchokera ku Lindela, komwe amasungira olowa m'dziko opanda mapepala, mudzafikira kwa iwo. Cholakwika ndi kathandizidwe kosakonzekera. Wofufuza Jessica Goldberg adachititsa mayere a ndalama m'magulu a alimi ku Malawi, ena opambana n'kulengezedwa pagulu, ena mwachinsinsi. Olengezedwa pagulu adamwaza ndalama yawo mwamsanga, kuthawa opempha. Ndalama yodziwika ndi onse, ili poyera, imathamangitsa mwini wake. Apa chipereganyu chimathandizanso mwa njira ina: mawu oti "ndilibe" amabala udani, koma oti "ili kugulu, ndilandira mu Ogasiti" aliyense kumudzi amawamvetsa. Ikani tsiku limodzi pamwezi lotumiza, ndalama yodziwika, kudzera kwa munthu mmodzi, ndipo banja lonse lidziwe. Fizi ipite ku akaunti ya sukulu. Potumiza pa Mukuru, Mama Money kapena Hello Paisa, yerekezani makwacha omwe afike pa Airtel Money kapena pa Mpamba, osati ndalama yotumizira yokha.

Ya nyumba isakhale m'makwacha nthawi yaitali. Mu Novembala 2023 kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo omwe adasungitsa ndalama kwa achibale adapeza malata atawathawa. Ikakwana, isanduke chinthu: malata, mafelemu, zitseko, njerwa, risiti ijambulidwe ibwere pafoni. Simenti yokha musagule msanga. Ikakhala miyezi yoposa itatu, makamaka nthawi ya dzinja, imayamba kuuma m'thumba momwemo. Igulidwe mmisiri atafika pamalo.

Tsopano kandege, juga ya pafoni yotchedwa Aviator. Bungwe la National Gambling Board lidati m'chaka cha 2023/24 anthu m'dziko lino adabetcha ndalama zoposa R1.1 thiriliyoni, ndipo aliyense wokwera takisi ya ku Bree madzulo waonapo foni ya mnzake ili ndi kandege kofiira kakukwera. Opanga Aviator amanena okha kuti pa R100 iliyonse yobetchedwa, R97 ndiyo imabwerera kwa osewera onse pamodzi. R3 imaoneka yochepa, koma siichotsedwa pa ndalama yomwe mwaika, imachotsedwa pa kubetcha kulikonse. Ulendo umodzi umatha m'masekondi. Wobetcha R20 maulendo 200 usiku umodzi wazunguza R4,000, ndipo pa avereji wasiyako R120, theka la malipiro a tsiku. Chomwe chimamusunga pampando adachiona B. F. Skinner pa nkhunda m'ma 1950: mphoto yobwera mosadziwika nthawi imamanga chizolowezi cholimba kuposa yobwera nthawi yodziwika. Kandege sikakumbukira za ulendo wapita. Kakaphulika msanga kasanu, wachisanu ndi chimodzi sukhala ndi ngongole kwa inu, ndipo ogulitsa mapulogalamu olosera pa Telegram akugulitsa mphepo.

Choopsa kwambiri ndi kuthamangitsa yomwe yapita. Daniel Kahneman ndi Amos Tversky adaonetsa mu 1979 kuti munthu akakhala pa phindu amasamala, koma akakhala pa kuluza amalolera kuika zambiri pachiswe kuti abweze, ndipo pambuyo pake adayerekeza kuti kutaya kumapweteka pafupifupi kawiri kuposa mmene kupeza kumakomera. N'chifukwa chake njira yowirikiza imakopa: mwaluza R20, ikani R40, kenaka R80, n'kumatuluka ndalama ikangowirikiza kawiri. Werengani mpaka kumapeto. Kuluza kasanu ndi kawiri motsatizana ndi R20, R40, R80, R160, R320, R640 ndi R1,280, zonse pamodzi R2,540, pofuna kupindula R20. Mzere wotere umagwa pafupifupi kamodzi pa 100, kutanthauza kuti wosewera usiku ndi usiku sautha mwezi asanakumane nawo. Tikiti ya mpira nayo ili ndi chinyengo chake. Ikani magemu khumi, iliyonse muli ndi mwayi wa 60 pa 100 wolosera bwino. Mwayi wokhoza onse khumi ndi 6 pa 1,000, koma wokhoza asanu ndi anayi ndi 40 pa 1,000. Choncho "timu imodzi yokha ndiyo yandiphera tikiti" si chizindikiro chakuti mwayandikira. Ndi mmene tikiti yotere imathera kawirikawiri kuposa kuwina, ndipo ndi zomwe zimakubwezani Loweruka lotsatira. Pano kulimba mtima sikukwanira, chifukwa foni mumagona nayo. Chotsani pulogalamuyo, chotsani khadi lanu pamenepo, pemphani kampaniyo ikutsekereni akaunti, zomwe malamulo a kuno amalola. South African Responsible Gambling Foundation imapereka uphungu waulere pa 0800 006 008.

Pali chenjezo lomwe okonda kusunga amaliiwala. Womanga ndalama yonse, mwana akadwala pa 18, amathera kwa mashonisa, katapila wa kuno. Lamulo la National Credit Act limalola chiwongoladzanja cha 5 peresenti pamwezi pa ngongole yoyamba yaifupi, ndipo limaletsa wobwereketsa kusunga khadi la kubanki kapena chiphaso cha munthu. M'makomboni muno 30 mpaka 50 peresenti ndiye mtengo, ndipo pasipoti imagwidwa chikole. R1,000 pa 50 peresenti, mukamangolipira chiwongoladzanja, miyezi isanu ndi umodzi mwapereka R3,000 ngongole ikadali R1,000. Choncho R300 ija ndiyo iyambe kudzaza, mpaka ikwane lendi ya mwezi umodzi, pamalo pofikirika tsiku lomwelo koma osati pakhadi lomwe mumagulira buledi. Ndalama zambiri pansi pa matiresi mumkhukhu ndi za akuba ndi moto.

Wina anena kuti zonsezi ndi nkhambakamwa, vuto ndi malipiro ochepa. Ali ndi mfundo. Wolandira R2,500 pa maganyu a masiku atatu pasabata alibe R600 yomanga, ndipo palibe katswiri wa maganizo angaitulutse pomwe palibe. Kumenyera malipiro oyenera, ku CCMA, bungwe lomva madandaulo a antchito, kapena kwina kulikonse, ndi nkhondo ina yofunika. Koma mfundoyo ikutithandiza ife: ndalama ikachepa, cholakwa chimodzi chimadula kwambiri. Wa ku Sandton akagula nsapato yosafunika, palibe chimachitika. Wa ku Zandspruit akagula, mwezi wotsatira uli m'manja mwa mashonisa. Wosowa poyambira ayambire pa ndalama yomwe sanaizolowere. Thaler ndi Shlomo Benartzi adapeza kuti antchito okana kudula malipiro a lero amavomera mosavuta kupatula gawo la ndalama yomwe adzawonjezeredwe m'tsogolo, chifukwa chomwe sunachigwirepo sichipweteka kuchisiya. Kwa ife zikutanthauza kugamula mu Okutobala kuti theka la bonasi ya Disembala lipita kuti, ndi kugamula mu Januwale za ndalama yomwe idzawonjezeke malipiro akamakwera mu Marichi.

Ena amapempha abwana kapena adona kuti aziwasungira gawo la malipiro, monga ku Lujeri kuja. Zimatheka, koma ndi njira yofuna maso. Lamulo la ntchito la kuno silimalola bwana kudula malipiro popanda pangano lolembedwa, ndipo panganolo limateteza inu kuposa iye. Lembani ndalama yodulidwa, tsiku lolandira, ndi mawu akuti ntchito ikatha pa chifukwa chilichonse yonse iperekedwa tsiku lomwelo. Nonse musaine, mwezi ndi mwezi muzitumizirana uthenga wonena yomwe yafikapo, ndipo nthawi isapitirire miyezi itatu. Ngati mulibe pemiti, kapena bwana wake ndi uja amachedwetsa kale malipiro, musamusiyire ngakhale R50.